Kabudula Amene Anajambula a Dokotala

Lolemba, 8 Januwale

Andigoneka dzulo masana. Wodi ya amuna, bedi 7, pafupi ndi zenera. Kope ili andipatsa a Nesi, pensulo ndi yanga. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma zolemba zanga zimawerengeka, ndipo ndikufuna zonse zikhale papepala kuti zikavuta pasadzapezeke wonena kuti mkulu uja ankangobwebweta.

Kutentha kwa thupi 39.4. Shuga 21, akuti wakwera moopsa. Diripi kudzanja lamanzere. Jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo.

Ndili ndi zithupsa 14. A Nesi awerenga kawiri. Zonse zili m'chiuno, m'matako ndi m'ntchafu. Kukhala pansi sindingathe, ndikulemba chafufumimba ngati buluzi. Zimayabwa, kenako zimabaya ngati wina akulasa singano kuchokera mkati.

Tsopano nkhani yake. Ine ndinagwira ntchito yosita zovala pahotela zaka 34. Popuma anandipatsa simbi yamagetsi, yolemera, ya chogwirira chakuda. Mu Ogasiti ndinaisiya pamalaya a mwana wanga kanthawi kochepa chabe, ndinatuluka mwachangu, malaya anapsa, tebulo linada pakona. Basitu. Mpongozi wanga anatenga simbiyo n'kukaitsekera m'kabati mwake. Akuti, "Abambo, pumulani, zovala zanu ndizichapa ndi kusita ndine." M'nyumba yomanga ine! Munthu woti kolala amaiyambira pakati!

Kenako anasintha sopo. Kenako zithupsa.

Dzulo pondikweza galimoto, anthu oyandikana nafe atadzaza pageti, ndinanena mokweza: "Mkazi uyu wandithira mankhwala m'zovala, akufuna chipinda changa." Ndinanena, ndipo sindikubweza.

Lachiwiri, 9 Januwale

Kutentha 38.9. Shuga 17. Anditenga magazi mabotolo awiri.

Pabedi 8 pali a Telala, bambo wonenepa wa chilonda chakuphazi chosapola, nawonso a shuga. Pakamwa sipatsekeka. M'mawa kungondiona akuti, "Achikulire, mwagona bwanji chonchi, mukufuna ndikuyezeni thalauza?" Ndawauza kuti atelala amasoka zokhota, ndife osita amene timawabisira manyazi. Aseka mpaka bedi kulira. Ndiye kuti tikhala bwino.

A Dokotala ndi mayi wamfupi wa magalasi, msinkhu wa mwana wanga. Akanikiza chithupsa chimodzi, patuluka timadzi tofiirira, mafinya pang'ono. Akuti, "Zithupsa zanuzi zili ndi kamaso pakati." Ndawauza kuti mkati mumayenda chinthu. Alemba. Anthu ena akanaseka, iwo alemba. Ndawakonda pamenepo.

Mwana wanga wabwera masana ndi buledi ndi malalanje. Wakhala pampando nthawi yaitali akusenda lalanje limodzi osalimaliza. Kenako akuti, "Ababa, amake mwana atsitsa sutikesi. Akuti sangakhale pamalo poti anthu akuwaloza kuti ndi wakupha. Achimwene awo abwera Loweruka kudzawatenga, ndi mwana yemwe."

Ndayankha kuti njira ili poyera.

Mdzukulu wangayo ali ndi miyezi isanu. Ine ndimamutcha Bwanamkubwa chifukwa akalira nyumba yonse imaimirira. Amagwira chala changa n'kumachiyamwa. Zimenezo sindinamuuze mwana wanga. Lalanje ndadya theka, a Nesi alanda theka.

Lachitatu, 10 Januwale

LERO NDIYE LERO! Ndilemba zonse.

Cha m'ma 9 a Dokotala abwera ndi tochi yaing'ono. Aunika chithupsa cha m'chiuno kumanja, ayang'anitsitsa, kenako akuti, "Ehee! Ndakuona." Aitana a Nesi kuti abwere ndi vaselini. Amata chithupsa chilichonse, mulu wa mafuta pamwamba pa kamaso kaja, n'kuphimba ndi pulasitala. Akuti tidikire.

Ndafunsa tikudikira chiyani. Akuti, "Alendo anu, abambo. Tawatsekera mpweya, atuluka okha."

Sipanathe ola, zayamba kuvina mkatimo. Kubaya kwake ndaluma pilo. A Dokotala abweranso, amatula pulasitala, afinya mbali ziwiri pang'onopang'ono, agwira ndi kapani kachitsulo, kokeee! N'kundionetsa pamaso panga penipeni.

Mphutsi! Yoyera, yonenepa, yamoyo, ikudzipinda pakapanipo ngati yakwiya kuti aidzutsa. Kutalika kwake ngati chikhadabo cha chala changa chachikulu.

Ndakuwa, "Ndinkanena ine! Ndinkanena!" Wodi yonse yadzuka. Wa pabedi 2, amene chibwerere sanalankhulepo, wabwera akukoka mtengo wa diripi kudzaona. A Telala anali atangotsegula mbale ya mpunga imene akazi awo anawasiyira. Ayang'ana mphutsi, ayang'ana mpunga, atseka mbale. Akuti, "Achikulire, mwandilanda chakudya pakamwa, Mulungu akuoneni."

Lero zatuluka 5. Aziika m'kabotolo ka mankhwala oyera ngati madzi. Ndapempha kabotoloko kakhale pakabati kanga, alola.

Kenako a Dokotala afotokoza, ndipo ndawapempha abwereze kuti ndilembe bwino. Pali mtundu wina wa ntchentche umene umaikira mazira pazovala zonyowa zoyanika panja. Mazirawo ndi ang'ono, diso silingaone. Munthu ukavala, thupi likawafunditsa, timphutsi timaboola khungu osamva n'komwe, n'kumakulira momwemo. Sabata ndi theka, takhwima.

Ndafunsa, "Nanga kupewa kwake?"

Akuti, "Simbi, abambo. Kusita basi. Simbi yotentha bwino, mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Mazira amafa onse."

Simbi!

Zaka 34 pahotela paja kapitawo wathu ankatikakamiza kusita chilichonse: masokosi, matawulo, mapanti a alendo, ngakhale matewera, kunja ndi mkati. Ine ndinkasita ndikutukwana chamumtima kuti awa ndi matama a anthu olemera, panti amamuona ndani? Palibe anatiuzapo chifukwa chake. Mwina kapitawoyo naye sankadziwa. Ndiye kuti zaka zonsezo ine ndinali wachipatala osadziwa! Anthu masauzande anagona pahotela paja n'kupita kwawo khungu lili see, chifukwa cha dzanja ili. Ndawauza a Telala. Akuti, "Ndiye tizikutchulani kuti a Dokotala a Simbi?" Ndati inde, yambani lero.

Ndipo chachiwiri, chachikulu. Wochapa zovala zanga ndani? Woyanika ndani? Wondilanda simbi n'kulonjeza kuti azisita yekha ndani? Mwina si mankhwala monga ndinanenera, chabwino. Koma ndi dzanja lake lomwelo. Umboni uli m'botolo.

Kutentha 38.2. Shuga 14. Njala yandigwira koyamba chibwerere.

Lachinayi, 11 Januwale, m'mawa

Zatulukanso 4. Zonse pamodzi 9. Imodzi inatuluka yokha pansi pa pulasitala, a Nesi aipeza ikuyenda pansalu, akuwa "Mayo!" n'kudumpha ngati kamtsikana. Akuti zaka 20 za unesi sanaonepo zambiri chonchi pamunthu mmodzi. Ndamva kukoma, sindinama.

Ndatumiza uthenga pafoni ya a Telala kuti mwana wanga asalephere kubwera masana. A Dokotala akubwera ndi ophunzira awo kudzandiona. Adzamve ndi makutu ake.

Ndapempha a Nesi andipese tsitsi.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Ndilemba monga zinayendera.

Anabwera ophunzira udokotala asanu ndi mmodzi, makoti oyera osasita bwino, mizere iwiriiwiri pamikono. Mwana wanga anaima kumiyendo kwa bedi. A Dokotala anatenga pepala lokhala ndi chithunzi cha thupi la munthu, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumaika kadontho pamalo pa chithupsa chilichonse. Atamaliza analumikiza madontho akunja ndi mzere kuti ophunzira aone dera lake. Pepala linayenda dzanja ndi dzanja. A Telala anatambasula khosi, chifukwa iwo chinthu sichingawadutse.

Anangoti, "Aaa! Koma ameneyu ndi kabudula!"

Onse anatembenuka.

"Onani, lamba wake ndi uyu m'chiunomu. Miyendo ikuthera apa ndi apa. Ameneyu ndi kabudula wamkati, saizi 34. Ine zaka makumi atatu ndikudula zimenezi, ndingasokoneze?"

Ophunzira anaseka. A Dokotala sanaseke. Anayang'ananso pepala, akuti, "Bambo awa akunena zoona. Pamsana palibe, pachifuwa palibe, m'mikono palibe, m'miyendo kumunsi palibe. Ndiye kuti malaya, thalauza ndi zofunda zimasitidwa bwino kwambiri. Vuto ndi chovala chimodzi chokha." Kenako anauza ophunzira kuti ntchentche imeneyi siikira padzuwa. Imakonda pamthunzi, malo obisika, ndipo chimene chimaiitana kwambiri ndi fungo la mkodzo.

Atatero anandifunsa, mofatsa ndithu: "Abambo, makabudula anu amkati amachapa ndani? Amayanikidwa pati?"

Anthu asanu ndi anayi akundiyang'ana. Atsikana atatu mwa iwo. Mwana wanga ali pomwepo.

Ndinati, "Mpongozi wanga. Pachingwe."

Mwana wanga nkhope inasintha. Anati chapansipansi, "Ndiye kuti amandinamiza. Amati amasita zonse." Anatenga jekete n'kutuluka osatsanzika.

Ndapambana mlandu. Chakudya chamadzulo ndabweza.

Lachisanu, 12 Januwale, m'mawa

Kutentha kwakweranso, 38.8. Imodzi yafera mkati, m'ntchafu yamanzere. Abaya jakisoni wa dzanzi, acheka pang'ono, aichotsa zidutswa. Zina ziwiri zatuluka bwinobwino, zonse zakwana 12. Zatsala ziwiri.

Mutu ukulemera.

Dzulo ndinanama.

Lachisanu, masana

Kope ili ndinaliyamba kuti likhale mboni yanga. Ndiye limve.

Kuyambira mwezi wa Juni mkodzo umandidontha. Ndikatsokomola, ndikadzuka pampando, nthawi zina popanda chifukwa. Tsiku la malaya lija ndinasiya simbi chifukwa ndinathamangira kuchimbudzi, ndipo sindinafike. Sindinauze munthu. Makabudula anga sindiika m'dengu la zochapa. Mwana wa eni ake, wolowa m'nyumba mwanga ndi ulemu wake, azigwira zimenezo? Ndimachapa ndekha akapita kumsika, mofulumira, sopo pang'ono, kutsukuluza kamodzi. Ndinamanga kawaya kuseri kwa bafa, pansi pa mtengo wa gwafa, pafupi ndi pogona galu, pamene sipafika dzuwa ndiponso sipafika munthu. Mvula ino amatha masiku awiri asanaume. Ndimavala osasita, poti simbi ili m'kabati, ndipo kuipempha n'kufunsidwa kuti mukufuna kusita chiyani.

Malaya anga onse amene anasita mpongozi, ngakhale kolala amaiyambira pakati, sanandilume ngakhale pamodzi. Chandiluma ndi chochapa ine, katswiri wa zaka 34.

Ndawauza a Telala poyamba, chifukwa anaona ndikupukuta m'maso. Ndimayembekeza aseke. Akuti, "Achikulire, mukuona ngati thumba ili pansi pa bedi langali muli chiyani, maswiti? Inenso ndimadontha chaka chachitatu chino. Wodi ino mukaifunsa bwinobwino, theka ndi mipopi yowonongeka." Wa pabedi 2 anakweza dzanja osalankhula. Taseka mpaka a Nesi kubwera kudzatikalipira.

Kenako a Telala akuti, "Koma mwana wa eni akeyo mwamupachika pamtengo wouma. Mawa ndi Loweruka."

Ndikudziwa kuti mawa ndi Loweruka.

A Dokotala atadutsa ndawaitana, ndawauza zonse. Sanadabwe. Akuti anadziwa dzulo lomwe, amangodikira. Akuti kudonthako ndi matenda ngati ena onse, amuna ambiri achikulire kanjira ka mkodzo kamapanikizika, ndipo shuga amawonjezera. Andiyeza Lolemba, pali mapiritsi. Miyezi isanu ndi iwiri ndikubisala kuseri kwa bafa ngati wakuba, chinthu chili ndi mapiritsi!

Tayesa foni ya mpongozi katatu. Sakuyankha.

Lachisanu, madzulo

Mwana wanga wabwera nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha. Maso ofiira. Akuti dzulo anakangana kwambiri, anamunena mkazi wake kuti ndi waulesi ndi wabodza, ndipo mkaziyo anangopitiriza kupinda zovala za mwana.

Ndamuuza akhale pansi. Ndamuuza za waya, za gwafa, za Juni.

Anagwira mutu ndi manja onse. "Ababa! Ababa inu! Ndiye mwandisiya ndikatukwane mkazi wanga chifukwa cha kabudula?"

Ndati eya.

"Ndiye ndikamuuze chiyani?"

Ndati usakamuuze kanthu, si iwe unalakwa poyamba. Ukangomupempha abwere, ndimuuze ndekha. Koma chinthu chimodzi ukanene lero lomwe, ngakhale akane kubwera, ngakhale apite: matewera a Bwanamkubwa. Mvula ino amawayanika pakhonde, pamthunzi, ndipo ndi amkodzo. Asite onse, simbi yotentha, mbali ziwiri, m'mphepete mopindamo adutse kawiri. Amuyang'ane mwanayo thupi lonse ngati pali kachithupsa ka kamaso.

Wathamanga osatenga ngakhale mbale zake.

Kutentha 38.1. Shuga 12.

Loweruka, 13 Januwale, masana

Kutentha 37.4. Shuga 10. Ya 13 yatuluka bwinobwino, yaikulu kuposa zonse. A Telala aitcha Kapitawo.

Nthawi ya masana yoona odwala yadutsa. Kwa a Telala kwabwera akazi awo ndi nthochi ndi mazira owiritsa, mpunga akuti asadzabweretsenso. Kwa ine palibe. Ndayang'ana pakhomo mpaka khosi kuwawa. Achimwene ake a mpongozi amati afika 12 koloko.

Loweruka, madzulo

WABWERA! Wabwera, ndi mwana kumsana!

Ndinamva a Telala akunong'ona, "Achikulire, konzani nkhope, khoti lafika." Ndikutembenuka, ndi uyo waima kumiyendo kwa bedi, wavala diresi yake yapaulendo, ya buluu. Mwana wanga kumbuyo kwake ngati mlonda.

Anati, "Mwaswera bwanji, abambo?" Mawu ozizira ngati madzi a m'mawa.

Ndinafunsa za mwana kaye. Akuti amuyang'ana paliponse, alibe kanthu, ndipo matewera onse asitidwa dzulo. Mtima unatsika.

Kenako ndinayamba. Ndinali nditakonza mawu ambiri koma anathawa onse. Ndinangoti, "Amake mwana, ndinakunamizirani. Zovala zimene munagwira inu sizinandilume. Ndi makabudula amene ndimachapa ndekha. Ndili ndi waya kuseri kwa bafa."

Iye akuti, "Ndimaudziwa."

Ndinati, "Chiyani?"

"Wayawo ndimaudziwa kuyambira Julaye, abambo. Galu amagona pomwepo, ndimakamupatsa chakudya tsiku lililonse. Tsiku lina makabudulawo ndinawachotsa n'kukawayanika padzuwa kuti aume msanga, ndinawabwezera musanadzuke. Koma ndinawayanika mosiyana ndi mmene mumachitira inu, ndiye munazindikira, munakhala masiku atatu osandilankhula, mukunamizira mutu. Ndinati basi, ndisawachititse manyazi bambo anga. Ndinasintha sopo n'kugula wonunkhira uja kuti mukamatapako mobisa azikuthandizani fungo."

Sopo uja! Amene ndinati ndi mankhwala!

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayang'ana botolo. Mphutsi 13 zili phee pansi, palibe yondithandiza.

Ndinati, "Pepani, mayi. Ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa."

Anayang'ana wodi yonse, a Telala, wa pabedi 2, a Nesi amene ankanamizira kukonza diripi ya munthu wopanda diripi. Kenako akuti, "Abambo, anthu awa sakundidziwa. Inu munanena pageti. Amene anamva ali kunyumba. Dzulo ndapita kogula tomato, mayi wogulitsayo wandipatsa chenji chondiponyera patebulo, kuopa kundikhudza dzanja."

Ndinati, "Ndiye ndikanena pageti."

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndi za waya zomwe? Ndi chifukwa chake?"

Apa ndinayang'ananso botolo. A Telala anatsokomola dala. Ndinati, "Ndi chifukwa chake chomwe."

Mpongozi akuti achimwene ake wawabweza, wawauza abwerenso Lachitatu madzulo. Sutikesi sanamasule. "Ndikaona pageti," akutero.

Asanapite anamasula Bwanamkubwa n'kumugoneka pafupi ndi nkhope yanga. Anandigwira mphuno, n'kundikodzera pilo. A Telala akuti, "Onani, magazi sanama, mtundu wonse ndi wodontha!" Mpongozi anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamuphulika m'mphuno.

Wasiya phala m'fulasiki, lopanda shuga. Ndamwa lonse.

Lamulungu, 14 Januwale

Ya 14 yatuluka 10 koloko m'mawa. ZATHA! Wodi yonse yawomba m'manja. Diripi achotsa, tsopano ndi mapiritsi, awiri m'mawa awiri madzulo, masiku asanu. Mabowo akutsuka ndi madzi amchere n'kuphimba. Ndakhala pansi koyamba, tako limodzi.

Kutentha 36.9. Shuga 9.

Tsiku lonse ndakhala ndikuyeserera mawu a pageti. A Telala ndiye woweruza. Ndikati, "Anthu inu, panali kusamvetsetsana pang'ono," iwo akuti, "Bodza! Yambiraninso." Ndikati, "Matenda anandisokoneza mutu," akuti, "Mwazembanso, msoko wakhota, phwasulani." Tafika kasanu ndi kawiri. Mawu akuti mkodzo amandikakamira pakhosi ngati fupa.

Lolemba, 15 Januwale

Andiyeza za mkodzo zija. Kuyeza kwake sindilemba. Akuti kanjira kapanikizika ndithu koma si zoopsa, magazi ali bwino. Piritsi limodzi tsiku lililonse pogona, ndibwerenso pakatha mwezi.

Ndapempha a Dokotala zinthu ziwiri: botolo ndi pepala la kabudula lija. Botolo akana, akuti ndi la ophunzira, koma pepala andijambulira lina n'kusainira. Andifunsanso ngati ndingabwere tsiku lina kudzaonetsa amayi a kusikelo ya ana kasitidwe ka matewera. Ine! Kuphunzitsa pachipatala! Ndati ndibwera ndi simbi yanga, ngati andibwezera.

Ndawauzanso, mwaulemu, kuti koti lawo mkono uli ndi mizere iwiri. Akuti, "Ndiye muyambire ine."

Lachiwiri, 16 Januwale

Anditulutsa mawa m'mawa. Shuga 8. Mabowo akuuma.

Ndauza mwana wanga auze anthu onse amene analipo tsiku lija: mayi wa tomato, a kalipentala a kutsidya kwa msewu ndi akazi awo, mayi wa nyumba yobiriwira amene nkhani ikamufika imafika tauni yonse. Makamaka iyeyo.

A Telala andipatsa mphatso: akuti akatuluka andisokera makabudula anayi, saizi 34, poti muyezo ali nawo kale. Chilonda chawo chayamba kufiira bwino m'mbali. Ndiwasowa, ngakhale amasoka zokhota.

Mantha alipo. Koma ndikufunitsitsa kuche.

Lachitatu, 17 Januwale, kunyumba

Ndanena.

Galimoto inaima pageti cha m'ma 11. Anthu analipo kuposa tsiku lija, ena sindikuwadziwa n'komwe. Mpongozi anaima pakhonde ndi mwana m'manja, sutikesi ili pambali pake. Ndinakana kugwiridwa mkono. Ndinaima pamalo omwe aja, n'kukweza pepala la a Dokotala.

Ndinati: "Tsiku lija ndinaima pano n'kunena kuti mpongozi wanga wandithira mankhwala. Ndinanama. Mwana uyu sanandilakwire kanthu. Mukuona chithunzichi? Uyu ndi kabudula wanga. Ine mkodzo umandidontha, ndinkachita manyazi, ndinkachapa ndekha n'kuyanika mobisa kuseri kwa bafa osasita. Ntchentche inaikira mazira, ndinatuluka mphutsi 14. Zovala zonse zimene anasita iyeyu zinanditeteza. Wondilodza ndine ndemwe."

Ndinatsitsa pepala. Kenako a kalipentala anati, "Mphutsi? Zamoyo?" Basi pepala analanda, likuyenda dzanja ndi dzanja, mafunso ngati mvula. Mayi wa nyumba yobiriwira akuti mwana wa mchemwali wake ali ndi chithupsa cha kamaso pamsana sabata ino. Ndinamuuza apite naye kuchipatala lero, asafinye ndi minga. Ndinapezeka ndikuphunzitsa pageti pomwepo: padzuwa, osati pamthunzi, osayanika paudzu, simbi yotentha, mbali ziwiri, m'misoko kawiri. Za mkodzo palibe anaseka, kupatula mkulu wina amene anandikokera pambali n'kufunsa dzina la mapiritsi.

Mayi wa tomato anapita pakhonde n'kumugwira mpongozi dzanja, manja onse awiri.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza simbi yanga ili patebulo, pakona yakuda ija, chingwe chake chokulungidwa bwino. Mpongozi akuti, "Lamulo ndi limodzi, abambo. Muzisita ine ndili m'chipinda momwemo. Mukafuna kuthamanga, muzingoti gwirani, ine ndizimitsa. Palibe kufunsana."

Ndinati nanenso lamulo langa ndi limodzi: kolala timayambira kunsonga kupita pakati.

Akuti, "Ndiye mundionetse."

Achimwene ake anafika 4 koloko, anamwa tiyi, anabwerera okha. Sutikesi yakwera pamwamba pa kabati. Waya wa kuseri kwa bafa ndadula ndekha ndi pulayala ya a kalipentala.

Ndasita choimirira, poti kukhala kukadavuta. Dzanja silinaiwale. Ndinati "gwirani" kamodzi kokha, ndipo anagwira.

Zamawa zachapidwa kale. Pachingwe chachikulu cha pabwalo, padzuwa, poonekera msewu wonse, pali matewera khumi ndi awiri ndi makabudula atatu, saizi 34. Odontha m'nyumba muno tilipo awiri, ine ndi Bwanamkubwa, ndipo wotisitira tonse ndine.